Ola limodzi ndi ana a njovu amasiye ku Sheldrick, Nairobi

Malo olerera ana a njovu a Sheldrick Wildlife Trust ali m'mphepete mwa Nairobi National Park ku Kenya. Alendo amaloledwa ola limodzi lokha patsiku, kuyambira 11 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana. Ena amati nthawiyi yachepa, koma chifukwa chake n'chomveka. Ili ndi ola limene njovuzo zimatuluka m'tchire kudzamwa mkaka ndi kugubuduka m'matope, ndipo alendo amangoima pambali kuonerera zimene zikanachitikabe iwo kulibe. Palibe njovu yokwerapo, palibe yovinitsidwa. Ndicho chifukwa chachikulu chimene timawayamikirira malowa.

Bungweli analiyambitsa Daphne Sheldrick mu 1977 pokumbukira mwamuna wake David, amene anali mkulu woyamba woyang'anira paki ya Tsavo East. Chimene chinawavuta kwa zaka zambiri ndi mkaka. Mwana wa njovu amabadwa ndi makilogalamu pafupifupi 100, koma popanda mkaka sangakhale moyo asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo mafuta a mumkaka wa ng'ombe samuyanja: amatsekula m'mimba mpaka kufa. Njira inapezeka atasakaniza mkaka wa ufa wa makanda ndi mafuta a kokonati. Mabotolo aakulu amene mudzaone osamalira ovala makhoti obiriwira atanyamula, muli mkaka wochokera pa nzeru imeneyi, ndipo njovu zing'onozing'ono zimamwa pa maola atatu alionse, usana ndi usiku.

Mukaima pa chingwe chotchinga, zimayamba kubwera zing'onozing'ono, zina zitafunda mabulangeti. Bulangetilo si lokongoletsa. Kuthengo kamwana kamatetezedwa ku mphepo ndi dzuwa poima pakati pa miyendo ya akuluakulu. Kamasiye kakazizidwa, chibayo chimakagwira msanga, makamaka kamene kanatoledwa m'chitsime. Nthawi inanso yoopsa ndi pomera mano oyamba otafunira, pamene kamaonda ndi kutsekula m'mimba. Osamalira amagona m'khola momwemo, koma amasinthanasinthana kuti kamwana kasazolowere munthu mmodzi, poti kakamukonda kwambiri ndiye n'kuchokapo, kamatha kusiya kudya ndi chisoni.

Zikachoka zimenezi zimabwera zokulirapo, zothamanga, zina zogwira zokha botolo ndi chitamba. Mmodzi wa osamalira amatchula dzina la iliyonse ndi mmene inapezekera: ina mayi ake anaphedwa chifukwa cha minyanga, ina inatsala yokha m'chilala, ina inakodwa mumsampha wa waya. Mayina ambiri ndi a malo amene zinatoledwa. Tcherani khutu pamenepa, chifukwa ambiri amatanganidwa ndi foni n'kuphonya gawo lofunika kwambiri la ulendo wonse. Zikakwana zaka ziwiri kapena zitatu, zimasamutsidwira ku malo ena a bungweli ku Voi, Ithumba kapena Umani Springs, kumene zimatenga zaka zingapo kuzolowerana ndi njovu zakuthengo mpaka zitasiya zokha kubwerera kukhola.

Zovuta zilipo, ndipo zambiri zimachokera pa kusakonzekera. Simungangofika pageti. Malo amasungitsidwa pasadakhale kudzera pa intaneti, ndipo m'miyezi ya alendo ambiri, July mpaka September komanso nthawi ya Khrisimasi, amadzaza masabata angapo tsikulo lisanafike. Pa 25 December amatseka. Ndalama mumalipira pawiri: chopereka cha bungwelo, ndi chiphaso cholowera mupaki cha Kenya Wildlife Service (KWS), bungwe la boma losamalira nyama zakuthengo, chimene chimagulidwa pa eCitizen, tsamba la boma la Kenya la pa intaneti. Chachiwirichi chiguleni dzulo lake muli pamalo pamene intaneti ikugwira bwino. Kulimbana nacho pageti kungakudyereni theka la ola lanulo. Mumuuze woyendetsa galimoto kuti mukulowera ku Magadi Road, pa geti la KWS Workshop, osati geti lalikulu la paki la ku Langata Road. Magalimoto amathithikana mu Nairobi, choncho nyamukani mokwanira kuti pofika 10:30 mukhale mwafika.

Anthu amachuluka, ndipo wofika mochedwa amaonera pamapewa a anzake. Mthunzi ndi wochepa, mipando musayembekezere. Tengani chipewa ndi madzi, ndipo ngati muli ndi agogo kapena mwana wamng'ono ganiziranitu za kuima ola lathunthu padzuwa. Zovala zoyera zisiyeni. Dothi la pamenepo ndi lofiira ngati katondo, ndipo njovu ikapopera matope siona kuti uyu ndi mlendo. Ikabwera yokha pa chingwe mungathe kuikhudza pamsana, koma musakhale pansi kapena kugwada pafupi nayo, musaikoke chitamba, musaipatse chakudya chilichonse.

Amene akufuna kuthandiza kupitirira apo angathe kusankha njovu imodzi n'kumapereka madola 50 pachaka, ndipo amalandira uthenga wa mmene ikukulira mwezi ndi mwezi. Pokonza tsikulo, ola limodzili ikani pakati: m'mamawa kwambiri zungulirani paki ndi chiphaso chomwecho, masana mupite kukaona nyamalikiti ku Giraffe Centre imene ili pafupi, ku Langata.