Tuba yanga patatha miyezi khumi

M'mwezi wa Malichi ndinalemba kuti ndagula tuba (lipenga lalikulu lamkuwa loimba besi) yogwiritsidwapo kale ntchito, ya B♭, ya mavalavu atatu, yoti ndiziimba mu bandi ya mpingo wathu kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique. Ambiri munafunsa ngati idzapirire nyengo ya ku Angonia. Lero ndili ndi yankho.

Kulimba ndi yolimba. Yakwera chapa (minibasi) kangapo, yamangidwa pa njinga ndi malamba a mphira, koma yangopindika pang'ono kukamwa kwake, tsiku limene ndinagunditsa pakhomo la tchalitchi. Mawu sanasinthe.

Chisanu ndicho chinandisautsa. M'mawa wa Juni ndi Julayi mkuwa umazizira mpaka kuwawa m'manja, ndipo mawu amatsika. Chitoliro chake mutachiwongola chingatalike pafupifupi mamita 5.5, ndiye mpweya wofunda ukamayenda mtunda wonsewo umasanduka mame. Nyimbo ziwiri zokha, mumamva madzi akubwata m'kati. Masiku ano ndimafika msanga, n'kuiuzira mpweya mwakachetechete anzanga asanabwere. Titapita ku Tete m'mwezi wa Okutobala zinatembenuka: kutentha kwa m'mbali mwa Zambezi kunakweza mawu, mpaka ndinachita kukoka chitoliro chochunira. Fumbi nalo linagwira valavu yachiwiri. Mafuta ophikira musayerekeze kuthira m'mavalavu, amaundana. Ine ake enieni ndimaitanitsa kwa abale a ku Lilongwe.

Chimene chimandipwetekabe mtima ndi mavalavu atatuwa. Mukadina yoyamba ndi yachitatu pamodzi, mawu amakwera kuposa muyeso, ndipo mukadina onse ndiye amanyanya. Ndimawatsitsa ndi milomo. Ndikanakhala ndi ndalama, ndikanatenga ya mavalavu anayi.

Koma kwa miyezi itatu ndinkainamizira tubayi mlandu wanga. Mawu ankatuluka owuma, mutu n'kumazungulira. Tsiku lina otsogolera bandi anandiimitsa: "Achimwene, mukuiuzira ngati mukupopa tayala. Tamasulani mimbayo." Usiku womwewo mphwanga anandionetsa pa YouTube maphunziro a Arnold Jacobs, amene ankaimba tuba mu Chicago Symphony Orchestra kuyambira 1944 mpaka 1988. Bamboyu ankavutika ndi mphumu, komabe oimba malipenga a mitundu yonse ankapita kwa iye kukaphunzira kupuma. Chiphunzitso chake n'choti tuba imafuna mpweya wambiri woyenda momasuka, osati wofinyidwa, komanso kuti nyimbo iyambe kumveka m'mutu isanafike pamilomo. Ndinayamba kuchotsa chapakamwa, n'kumaimba nacho chokha ndili kuseri kwa nkhokwe, kenako n'kuimba mzere womwewo ndi mawu anga, kenako pa tuba. Patatha milungu ingapo, agogo ena a m'kwaya anandiuza kuti besi akuimva m'chifuwa. Ndinalira misozi tsiku limenelo, chifukwa ndi mawu amenewo amene ndinaigulira.

Kwa bandi ya mpingo kapena ya sukulu, tuba yotereyi ndi yokwanira, bola muyang'ane kuti mavalavu sakudontha mpweya musanapereke metikali iliyonse. Yanga sindikugulitsa. Mnyamata wina wochokera ku Domwe wayamba kuphunzira kwa ine Loweruka lililonse, ndipo pakadali pano ndamupatsa chapakamwa chokha kuti azipita nacho kunyumba.