Kagalasi ka m'diso kandithandiza, koma kuwala kwa usiku kunandivutitsa

Papita zaka ziwiri chichitireni opaleshoni ya ng'ala ya diso langa lakumanja. Atachotsa lenzi yachibadwa imene inali itachita mbuu, madokotala anaikamo kagalasi kolimba ka pulasitiki wotchedwa PMMA, mtundu womwewo umene Harold Ridley anaika koyamba m'diso la munthu ku London mu 1949. Tsiku limene anandimasula bandeji ndinaona bwinobwino mapiri a kutsidya kwa Shire, amene kwa zaka zambiri ndinkangowaona ngati utsi, ndipo misozi inalengeza.

Masana vuto linali lochepa. Dzuwa likamenya pamadzi a m'nyanja linkandithobwa m'maso kuposa kale, chifukwa kagalasi koyera kamalowetsa kuwala kochuluka, koma magalasi akuda ndi chipewa zinathetsa nkhaniyo.

Chimene chinandisowetsa mtendere chinayamba patatha chaka. Nyali za asodzi a usipa, zimene kale zinkaoneka payokhapayokha pamadzi, zinayamba kumwazikana ndi kulumikizana ngati chifunga chowala, ndipo galimoto ikandiwalira pamlatho wa Bakili Muluzi ndinkatsika panjinga n'kuima kaye mpaka idutse. Chodabwitsa n'chakuti pa tchati cha zilembo kuchipatala ndinkawerengabe bwino, moti poyamba ndinkaoneka ngati ndikungodandaula pachabe. Dokotala wa maso atandiunika ndi makina anandifotokozera kuti kagalasiko kanalibe vuto, koma kathumba kopyapyala kamene kamasiyidwa m'diso kuti kagwire kagalasiko kanali katachita nkhungu kumbuyo kwake, chifukwa maselo otsalira a lenzi yakale amameranso pamenepo. Kuwala kukafika pa nkhunguyo kumabalalika m'malo molunjika malo amodzi kumbuyo kwa diso, n'chifukwa chake zilembo zakuda pa pepala loyera zimaonekabe koma nkhope ya munthu madzulo imasowa.

Anandituma ku chipatala chachikulu kumene anaboola kathumbako ndi kuwala kwamphamvu kwa makina kotchedwa leza. Zinatenga mphindi zochepa, sindinamve ululu, ndipo mawa lake nyali za panyanja zinabwerera m'malo mwake, ngakhale kuti timizere towala tochepa timaonekabe ndikayang'anitsitsa babu.

Dandaulo langa ndi limodzi: palibe amene anandichenjeza za zimenezi tsiku la opaleshoni, ndipo ndinakhala miyezi ingapo ndi mantha kuti ng'ala yabweranso, pamene ng'ala yochotsedwa sibwerera. Pa nyenyezi zisanu, kagalasika ndikukapatsa zinayi, ndipo diso lakumanzere ndalilembetsa kale.