Amisiri ofolera udzu a ku Limbuli: nyumba imene anamangira mayi anga

Amene mukufuna nyumba ya udzu cha kuno kwa Njema, m'boma la Mulanje, pali bambo wina wachikulire amene amagwira ntchitoyi pamodzi ndi adzukulu ake awiri, ana a mlongo wake. Alibe shopu, alibe chikwangwani. Tsiku la msika pa Limbuli mukafunsa kwa anthu ogulitsa nsungwi ndi mitengo ya bulugamu, akulozerani komwe amakhala. Ine ndikuwayamikira ndi mtima wonse, ngakhale pali zingapo zimene zinandiwawa pa kagwiridwe kawo.

Nyumba ya mayi anga inagwa mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Siinakokoloke ndi napolo ngati za anzathu a m'munsi mwenimweni mwa phiri. Inali ya zidina, yofolera malata, ndipo chinaigwetsa ndi mvumbi wosalekeza uja. Madzi anaima m'mphepete mwa chipupa, zidina za pansi zinamwa madzi n'kufewa, khoma lonse n'kukhala pansi nthawi imodzi. Mayi anapulumuka chifukwa anali atatulukiratu. Anakakhala kumsasa, m'kalasi ya pasukulu ya pulaimale, limodzi ndi mabanja ena ambiri. Ufa ndi mabulangete ankalandira ndithu, koma chimene chinkawaliza n'china. Mayi wa zaka zoposa 70 ankasintha zovala atadzitchinga ndi chitenje pakona, akamwini awo ali m'chipinda chomwecho. Analibe poika mbewu yawo ya nandolo, analibe pogona akadwala popanda maso a anthu. Nyumba imatchinga mvula ndi mphepo, inde, koma imasunganso ulemu wa munthu, ndipo mayi ulemuwo ndi umene ankaufuna msanga.

Ife ana tinkaganiza zowotcha uvuni wa njerwa n'kugulanso malata. Mayi anakana. Anati malata mu Okutobala amawaphika, chiperoni chikabwera mu Juni ndi Julaye amazizira ndipo m'mawa amadontheza mame pamphasa, mvula ikagwa sumvana ndi munthu. Anati akufuna nyumba ngati imene anabadwiramo. Amalume ndi amene anakatenga amisiriwa.

Tsiku loyamba bamboyo sanayeze kalikonse. Anazungulira pabwinja pomwe panagwa nyumba, anayang'ana kumene madzi amachokera, kenako anakhala pamkeka n'kuwafunsa mayi: "Anganga, mukufuna yozungulira kapena ya ngodya zinayi? Ndipo moto muzikoleza momwemo kapena kukhitchini?" Apa ndi pamene ndinawakhulupirira, chifukwa anayamba kutifotokozera kusiyana kwa nyumba zathu mosabisa, ngakhale zimene iwo samanga. Anati ya zidina ndi yachangu ndi yotsika mtengo, koma khoma ndi limene limasenza denga, ndiye likanyowa kunsi zonse zimagwa pamodzi, ndi munthu yemwe ngati ali m'kati. Ya mdindo, imene anthu a m'chigawo chapakati amaidziwa bwino, yomwe amatsendera dothi m'chikombole chachikulu cha matabwa, ndi yolimba, koma nayonso imadana ndi madzi oima kunsi. Pamene yophoma, ya nsichi ndi mbaliro, denga limakhala pamitengo. Mvula ingakokolole dothi lonse la m'khoma, mitengo imatsala chiimire, denga likadali pamwamba, ndipo mvula ikatha mumangophomanso. Kwa malo ngati kuno, kumene mvula imagwa yochuluka kuposa madera ambiri a dziko lino, mawu amenewa anandilowa. Anawonjeza kuti yozungulira mphepo imangoilambalala chifukwa ilibe ngodya poigwira. Mayi anasankha yozungulira.

Anayamba ndi kukweza maziko, dothi ndi miyala kufika m'maondo, kenako anakumba ngalande kumtunda yopatutsa madzi. Nsichi iliyonse anaiwamba pamoto kunsi kwake asanaizike, kuti chiswe chisaikonde. Makolo athu a kuno ankadalira mkungudza wa m'phiri la Mulanje umene chiswe sichiudya, koma mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu ndipo ndi woletsedwa kudula. Amisiriwa sanautchule n'komwe kuti tikaufune, anagwiritsa ntchito bulugamu wogula ndi nsungwi. Pomanga mbaliro ndi mapaso anagwiritsa ntchito linya, ulusi wa m'matayala uja, chifukwa luzi la mombo masiku ano mungalipeze kuti kuno, pomwe mbali iyi ndi tiyi wa maesiteti, mbali iyo ndi minda yothithikana. Kuphoma anasiyira amayi a pamudzi, monga mwa mwambo wake, koma bamboyo ndi amene anasankha dothi la pachulu n'kulamula kuti lisakanizidwe ndi mchenga pang'ono kuti lisang'aluke kwambiri pouma.

Koma luso lawo lenileni lili padenga, ndipo apa ndinakhala pansi n'kumaonerera. Choyamba, denga lawo ndi losongoka kwambiri, mwina madigiri 45 kapena kuposa. Anthu odutsa ankati lawononga mitengo. Iwo anati madenga ambiri a udzu amadontha chifukwa ndi ogona, madzi amayenda pang'onopang'ono n'kupeza nthawi yolowa mu udzu, pomwe pa losongoka amathamanga pamwamba n'kugwera kutali. Chachiwiri, udzu saukweza monga wabwerera. Mtolo uliwonse mdzukulu mmodzi ankaumasula, n'kuupesa pa thabwa lokhomedwa misomali mpaka masamba onse ndi zinyalala zitachoka, kutsala mapesi okhaokha owongoka. Ankaumanga timitolo tating'ono tokwana m'dzanja, n'kutigogoda pansi kuti matsinde afanane. Bamboyo ali pamwamba ankayamba m'munsi, matsinde kuloza pansi, mzere uliwonse ukuphimba wa kunsi kwake, akupanikiza ndi kansungwi kong'alula n'kusoka ndi chisingano chachitsulo, mdzukulu wina ali m'kati kubweza linya. Akamaliza mzere ankaumenya ndi kathabwa mokankhira m'mwamba, pha pha pha, mpaka denga lonse linasalala ngati mphasa yatsopano. Ndinalowetsa dzanja m'mphepete mwake kuti ndione kuchindikala: linalowa kupitirira pamfundo ya mkono osafika kumapeto.

Ndinawafunsa za pepala lakuda la pulasitiki limene aliyense amayala pansi pa udzu. Anapukusa mutu. "Mayi, pepala ndi la munthu amene udzu wamuchepera. Limatseka mpweya, udzu ukanyowa suuma, umaola kuchokera kunsi, ndipo utsi sufika ku udzu." Utsiwo ndi wofunika: mwaye umene umadetsa denga m'kati ndi womwewo umathamangitsa tizilombo tofumbula mitengo ndi udzu. N'chifukwa chake anafunsa za moto tsiku loyamba lija. Khonde nalo analitulutsa kwambiri, kuzungulira nyumba yonse, moti mvula yowomba ndi mphepo siifika pakhoma. Mayi amazira khondelo ndi mtsiro, ndipo ndi pamene amapetera ndi kulandirira alendo.

Mvula yagwa kale panyumbayi nyengo zingapo, ina yamphamvu ndithu, ndipo sindinapezepo podontha. Chiperoni chikatseka phiri, m'katimo mumakhala mofunda ndi kamoto kochepa chabe. Dzuwa la Okutobala ana a achemwali anga amathawa m'nyumba yawo ya malata kudzagona masana kwa anganga awo.

Tsopano zimene zinandiwawa. Kusunga nthawi si khalidwe lawo. Analandira ntchito kwina asanamalize yathu, ndipo nyumba inakhala ndi mapaso okha, yopanda udzu, mitambo itayamba kale kusonkhana, mayi akugona mokhalitsa kwa achemwali. Ndinachita kukawatenga ndekha ndi mawu olimba. Anapepesa mwaulemu, koma munthu wopanda pokhala sadikira ndi mtima wofanana ndi amene akungofuna chisakasa chopumiramo. Chinanso, mitolo ya udzu imene anatiuza poyamba inachepa kwambiri, chifukwa kupesa kumataya gawo lalikulu la mtolo. Zimenezi iwo amazidziwa, anayenera kutiuziratu. Tinakagula wowonjezera mochedwa, mtengo utakwera, kwa anyamata amene amabwera nawo panjinga kuchokera tsidya la Muloza, mbali ya Milange ku Mozambique. Udzu wabwino kuno ndi wosowa, ndipo musaganize kuti nyumba ya udzu yomangidwa motere ndi ya munthu wosauka. Ndalama ya amisiri okha inali pafupifupi mtengo wa mbuzi ziwiri zazikulu, ndipo mukaphatikiza udzu ndi mitengo simutalikirana kwambiri ndi malata otsika mtengo.

Dziwaninso kuti udzu ndi udzu. Moto sauzengereza, choncho khitchini yophikira tsiku ndi tsiku tinaiika patali, ndipo zinyalala sitiwotcha pafupi. Makoswe amafuna kulowamo, mayi anachita kuweta mphaka. Pansonga pa denga bamboyo anati m'pamene pamayamba kutha, aziitanidwa kudzakonza pakapita zaka zingapo. Ndipo ngati malo anu ali m'njira ya madzi ochokera kuphiri, palibe mtundu wa nyumba umene ungakutetezeni, zimene napolo anachita ku Phalombe mu 1991 ndi kuno mu 2023 tonse tikuzidziwa. Pamenepo n'kusamuka basi, ndipo amisiriwa anandiuza kuti pamalo otero sapita kukamanga.

Mukawafuna, pitani mu Meyi kapena Juni, udzu ukungoyamba kuuma ndi kumwetedwa, ntchito isanawachulukire. Gulani udzu wopitirira umene akuuzani, muusanjike pathandala kuti chiswe chisaupeze, ndipo ndalama yomaliza muwapatse atatseka pansonga.