Dark matter: ma white dwarf okalamba kapena ma WIMP?

Asayansi akufunabe kudziwa kuti dark matter, zinthu zosaoneka zimene zimadziwika ndi mphamvu yake yokoka, n'chiyani. Usiku wopanda mwezi pa phiri la Zomba, Large Magellanic Cloud, mlalang'amba waung'ono woyandikana ndi wathu, imaoneka kumwera ngati kamtambo. Gulu la asayansi lotchedwa MACHO linkayang'ana nyenyezi za mlalang'amba umenewo posakasaka ma white dwarf ozizira, nyenyezi zakufa zolemera pafupifupi theka la dzuwa. Imodzi ikadutsa kutsogolo kwa nyenyezi ina, imapinda kuwala kwake, nyenyeziyo n'kuwala kwambiri kwa milungu ingapo. Mu 2000 anati zinthu zoterezi zingakhale 20 peresenti ya dark matter yozungulira mlalang'amba wathu, koma mu 2007 gulu lina la asayansi, la EROS, linati sizifika 8. Chovuta kwambiri n'chakuti nyenyezi zimene zinafa n'kusiya ma white dwarf ochuluka chonchi zikanamwaza kaboni ndi nayitrojeni woposa amene timamupeza.

Ma WIMP, tizidutswa tochepa kuposa atomu timene ena amati mwina ndito dark matter, alibe vutoli poti si zotsala za nyenyezi, ngakhale kuti makina owasaka otchedwa LZ ku South Dakota ku America, okhala ndi matani 7 a xenon wamadzi, sanagwirebe n'imodzi yomwe.