Msana watsopano wa Cutty Sark, patatha miyezi khumi

Mu Epulo chaka chatha ndinataya msana wopindika wa kasitima kanga kamatabwa n'kudula wina. Tsopano kadutsa m'chisanu cha Juni, m'kutentha kwa Okutobala ndi m'mvula ya Januwale, ndiye ndingathe kunena mmene zayendera.

Kasitimaka ndi kachifaniziro ka Cutty Sark, sitima imene inamangidwa ku Dumbarton mu 1869 kuti izinyamula tiyi kuchokera ku China, ndipo lero ili ku Greenwich mu London. Mlamu wanga ndiye anandibweretsera bokosi lake, zonse zili zidutswazidutswa. Chimene ndikutcha msana ndi thabwa la pulayiwudi la mamilimita 4 limene limayenda pakati kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Lili ndi mipata imene nthiti zonse zimalowamo. Likakhota, sitima yonse yakhota.

Langa linali lokhota ngati nthochi. Nditakoka ulusi kuchokera nsonga ina kufika ina, pakati panatsala mpata woti ndalama yachitsulo n'kulowa bwinobwino. Ndinayamba ndi nzeru yotchipa: kulinyowetsa, n'kulipsinja ndi njerwa pansi pa bedi kwa mlungu wathunthu. Linatuluka lowongoka, ine n'kusangalala. Patatha masiku atatu linabwerera mwakale. Pulayiwudi wopyapyala akamwa chinyezi mbali imodzi kuposa inzake amapinda, ndipo madzi anga aja anangomugoneka tulo chabe.

Ndinapita nalo kwa amisiri a matabwa a ku Kalingalinga mu Lusaka. Bambo wina wachikulire analiyang'ana atatsinzina diso limodzi n'kuseka. "Achimwene, ili musalimbane nalo. Jambulani pa thabwa lina." Anandipatsa chidutswa chotsala cha mamilimita 4 omwewo, nandiuza kuti ndichisiye m'chipinda chimene ndimagwiriramo ntchito kwa milungu iwiri ndisanachikhudze, kuti chizolowere mpweya wa m'nyumbamo. Ndinaona ngati akundichedwetsa, koma ndinamvera.

Ndinajambula msana wakale pa chidutswacho ndi pensulo yosongoka, n'kudula ndi kasowo kakang'ono. Kenako ndinapaka vanishi mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, kusiya malo oti pafike guluu. Msanawo ndinaupanikiza pakati pa timatabwa tiwiri ta mukwa tokhomera pa bolodi, ndipo sunachokemo mpaka thupi lonse litavala. Pakati pa nthiti ndinamatamo timitengo uku ndi uku. Pokuta thupi ndinkamata kathabwa kamodzi kumanja, kena kumanzere, chifukwa guluu akamauma amakoka, ndipo ukamaliza mbali imodzi yokha ndiwe wemwe wapinda msana.

Dzulo ndinakokanso ulusi uja. Wagona pamsana kuyambira kumutu mpaka kumchira, popanda mpata.

Koma si zonse zili bwino. Mipata iwiri ndinaidula motakasuka, dzanja linathamanga. Ndinatsekamo tizipepala tolimba, komabe nthiti yachisanu ndi chimodzi inapendekeka pang'ono, moti pamwamba pa sitimayo pali kabampu. Alendo sakaona, ine ndimakaona tsiku lililonse. Mu Okutobala, mpweya utauma gwa, timatabwa ta m'mbali tinasiyana pang'ono, timing'alu tonga tsitsi. Mvula itayamba tinatsekeka tokha. Pamene ndinamata ndi supagulu pofuna kufulumira ndi pokhapo pamene panatsekuka osabwereranso. Pa guluu woyera wa matabwa sipanasunthe.

Ntchito yonse yosintha msana inandidyera madzulo anayi, osawerengera milungu iwiri yodikira ija. Mlungu wa njerwa uja ndiwo ndimadandaula nawo. Pano ndili pa milongoti ndi zingwe, ndipo mayi a kunyumba ayamba kale kufunsa kuti tebulo lawo lodyera libwerera liti.