Rampu kapena chikepe: chothandiza oyenda pa chikuku ku koleji ndi kuntchito nchiti?

Rampu ndi njira yotsetsereka ya simenti, pomwe chikepe ndi makina okweza anthu m'nyumba yosanjikizana.

Mtengo: rampu mumalipira kamodzi pomanga. Chikepe nchodula pogula, ndipo chimafuna amisiri ochikonza chaka ndi chaka.

Malo: apa rampu imavuta. Pokwera sentimita 1, pamafunika masentimita 12 m'litali, choncho kukwera mamita 3 kumadya mamita 36, osawerengera popumira. Omanga ambiri amaifupikitsa, nkusanduka chitunda chomwe munthu wa pa chikuku sangakwere yekha.

Kudalirika: magetsi akazima chikepe chimaima, pokhapokha pali jenereta. Rampu imangofuna zogwirira m'mbali ndi pansi posaterera.

Rampu ikuyenera makalasi ndi maofesi apansi. Laibulale yosanjikizana katatu, chikepe basi.