Kampani Yokonza Maliro Inagwira Ntchito Yabwino, Koma Dzina la Adzukulu Lili ndi Eni Ake

Azakhali anga atatisiya ku Lilongwe, tinapempha kampani ina yokonza maliro kuti itenge thupi ku nyumba ya chisoni, ilikonze ndi kuliperekeza kwathu ku Dedza, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Amayi awiri amene anasambitsa malemu anagwira ntchito yawo mwaulemu waukulu. Anawaveka yunifolomu yawo ya Chigwirizano, ndipo pomanga duku loyera anaitana mchemwali wanga kuti aone ngati lakhala mmene eni ake ankamangira. Chimene chinandidandaulitsa ndi chakuti mtengo umene anatiuza poyamba sunaphatikize mafuta a galimoto, ndipo tinamva zimenezi bokosi litakwezedwa kale.

Panjira dalaivala anatilimbitsa mtima ponena kuti iwo ndiwo adzukulu athu. Ananena ndi mtima wabwino, koma mawuwo anandikhala m'maganizo. Adzukulu ndi dzina lochokera ku mdzukulu, mwana wa mwana wako. Ana ndi abale a malemu ndi anamfedwa, chisoni chawafooketsa, ndipo mwambo suwalola kukumba manda a munthu wawo. Ntchitoyo imagwera anthu amene aima patali pang'ono ndi imfayo, ndipo dzinali linakula mpaka kufikira amuna a m'mudzi amene amakumba, kunyamula ndi kukwirira, ngakhale palibe magazi owalumikiza ndi womwalirayo. Salembedwa ganyu. Amalandira nsima kumanda komweko, ali ndi ufulu wolankhula momasuka pamene ena onse azyolika, ndipo amadziwa kuti tsiku lina banja lomwe akulithandizali lidzawakumbiranso.

Titafika pamene masamba anayalidwa pamsewu, kusiyanako kunaoneka. Adzukulu a m'mudzi anali atalawirira kumanda m'bandakucha, mfumu itawaonetsa malo, ndipo anatulukira ali fumbi lofiira mpaka m'mawondo. Anyamata a kampani anali atabweretsa makina otsitsira bokosi, koma mkulu wa adzukulu atanena kuti atsitsa ndi zingwe, iwo sanatsutse. Anabweza makinawo m'galimoto, anapereka bokosi m'manja mwa eni mudzi, naima kumbuyo pamodzi ndi anthu ena.

Chifukwa cha kudzichepetsa kumeneko ndingawatumenso, malinga tikagwirizaniratu za mafuta tisananyamuke.